Kuimikanso Nyumba Madzi Atapita

Nkhani ya lero ikunena za ntchito imene imatsala madzi osefukira akaphwa, ndiyo ntchito yothandiza banja limene nyumba yake yagwa kapena yaonongeka kuti libwerere pakhomo ndi kuyambanso moyo. Chitsanzo chake chatengedwa ku Nancholi, mu mzinda wa Blantyre, koma mfundo zake n'zofunika kwa omvera onse, kaya ali ku Nsanje, ku Phalombe, ku Salima kapena ku Karonga, pakuti madzi sasankha boma.

Nancholi ali kummwera chakumadzulo kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wotsikira ku Chikwawa, moyandikana ndi Manase ndi Chilobwe. Monga mmene zilili m'madera ambiri ozungulira Blantyre, malo ake ndi a zitunda ndi makwawa, ndipo nyumba zinamangidwa mothithikana kutsata kutsetsereka kwa nthaka, kotero kuti madzi ochoka pa denga la wina amathera pa khoma la mnzake. Okhalamo ambiri ndi anthu odya za tsiku lomwelo: ogulitsa pamsika, alonda, amisiri, ochita maganyu ndi ogwira ntchito m'makomo mwa anthu. Kwa anthu otere nyumba ndiyo chuma chonse. Mwina anaimanga kwa zaka khumi, lata limodzi mwezi uno, thumba la simenti mwezi wamawa. Ikagwa usiku umodzi, thukuta la zaka khumi zija lagwera limodzi.

Madzi ogumula nyumba si achilendo m'dziko muno. Makolo anali nalo dzina la madzi otsika m'phiri atasakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo. Ankawatcha napolo, ndipo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka podutsa. Napolo anagwa ku Zomba mu Disembala 1946, ndipo mu Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Mu Januwale 2015 mvula inaononga kwambiri mpaka boma linalengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi. Namondwe wa Idai anabwera mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndipo wa Gombe mu Malichi chaka chomwecho. Woonetsetsa zaka zimenezi aona yekha kuti mpata wa pakati pa ngozi ina ndi inzake wakhala ukufupika.

Koma amene anasiya bala lalikulu mu Blantyre ndi namondwe wa Freddy. Namondweyu anayambira panyanja kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, nawoloka nyanja yaikulu ya Indian, nagunda Madagascar ndi Mozambique, nabwerera kunyanja, kenaka n'kudzalowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse lapansi linatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, ndipo panalibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero. Mvula yake inagwa m'chigawo cha kummwera usana ndi usiku osalekeza, mpaka phiri la Soche linakhuta madzi n'kugumukira pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja. Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawocho chagweredwa ngozi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anasiya makomo awo. Ovulala ndi akufa anatengedwa kunka ku chipatala cha Queen Elizabeth, pamene opulumuka ambiri anakagona m'makalasi a sukulu monga Naotcha ndi Manja.

Munthu wofuna kuthandiza kukonza nyumba ayenera kudziwa kaye mmene madzi amaigwetsera, chifukwa njira zake zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya napolo, imene imakokolola nyumba yonse pamodzi ndi malo ake. Yachiwiri ndi ya madzi othamanga m'khwawa kapena m'njira, amene amafukula pansi pa maziko mpaka khoma litalendewera n'kugwa. Yachitatu, imene imagwetsa nyumba zambiri m'madera ngati Nancholi, ilibe phokoso. Mvula ikagwa masiku angapo, nthaka imakhuta madzi, chinyezi chimakwera m'khoma kuchokera pansi, ndipo ngati khomalo ndi la zidina kapena la njerwa zomangidwa ndi dothi, dothilo limabwerera ku matope. Denga limapitiriza kulemera pamwamba pamene kunsi kwafewa, ndiye khoma limangokhala pansi, nthawi zambiri usiku anthu ali m'tulo. Chimene chakulitsa vutoli ndi kutha kwa mitengo m'mapiri a Soche ndi Ndirande chifukwa cha nkhuni, makala ndi mauvuni a njerwa. Mvula imene kale inkalowa pansi mwa kachetechete tsopano imatsika yonse nthawi imodzi, n'kukapeza ngalande zitatsekeka ndi zinyalala ndi mapepala a pulasitiki.

Tsono thandizo loyamba silikhudza njerwa ayi. Likhudza anthu. Banja limene lathawa madzi lifunika pogona pouma, chakudya chotentha ndi chofunda usiku womwewo. Mnansi amene nyumba yake yatsala atha kulandira mayi ndi ana, wina n'kulandira bambo ndi anyamata, wina n'kusunga katundu wopulumuka. Msasa wa pasukulu kapena patchalitchi umapulumutsa moyo, koma ndi malo othithikana, a zimbudzi zochepa, kumene nkhalamba, amayi oyembekezera ndi atsikana amavutika koposa. Pa chifukwa chimenechi, pamene pali mbale kapena mnansi wokhala ndi chipinda, ndi bwino kuyamba kuchotsako oterewa. Zinthu zopereka zikhale zimene banjalo lingagwiritse ntchito tsiku lomwelo: ufa, ndiwo, mchere, makala ouma, poto, mbale, ndowa yokhala ndi chivundikiro, sopo, bulangete, zitenje ndi neti yotchinga udzudzu. Wofunsa kaye chimene chasowa amathandiza bwino kuposa wongokhuthula zovala zakutha zimene iye mwini anazitaya kale.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaiwalika m'masiku oyambawo. Choyamba ndi mankhwala. Amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo, a chifuwa chachikulu, a shuga, a khunyu kapena a kuthamanga kwa magazi sayenera kudumphitsa masiku, ndipo ngati mankhwalawo anapita ndi madzi, wina awaperekeze ku chipatala msanga ngakhale buku lawo lakuchipatala litatayika. Ena amachita manyazi kunena za matenda awo pagulu, choncho wofunsa afunse pambali. Chachiwiri ndi kulembetsa. Thandizo la boma, limene limadzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi ku khonsolo ya mzinda, komanso la mabungwe monga Malawi Red Cross Society, limatsata mayina olembedwa ndi mafumu ndi makomiti a m'dera. Banja limene lalandiridwa kwa mbale kutali ndi msasa likhoza kudumphidwa. Mnansi wabwino amapita yekha kwa mfumu kukatsimikiza kuti dzina la banjalo lalembedwa, pamodzi ndi chiwerengero cha anthu ake ndi kukula kwa zoonongeka. Ziphaso za unzika, masatifiketi a sukulu ndi makalata a malo, ngati apezeka atanyowa, ayanikidwe pamthunzi limodzilimodzi, osati padzuwa lamphamvu kapena pamoto.

Mvula ikangokata, mtima wa mwini nyumba umathamangira kukaona katundu. Apa ndi pamene anansi ayenera kumugwira dzanja, chifukwa khoma lonyowa limatha kugwa ngakhale dzuwa litawala kale. Asanalowe aliyense, anthu akulu awiri kapena atatu azungulire nyumbayo kunja, ana atakhala patali. Aone ngati khoma lapendekeka, pomangirira mwala ku chingwe ndi kuulendewetsa kuchokera pamwamba pa khomalo. Aone ming'alu, makamaka yotsika mokhota ngati makwerero kuchokera pa ngodya ya zenera kapena ya chitseko, pakuti imeneyi imasonyeza kuti maziko atitimira mbali imodzi. Chitseko chimene kale chinkatseguka bwino koma tsopano chikukana chikunenanso chimodzimodzi. Akande kunsi kwa khoma ndi msomali. Ngati msomali ukulowa mosavuta, khomalo silingadalirike. Ngati nyumbayo ili ndi magetsi, azimitsidwe pa bokosi lake ndi manja ouma, munthuyo ataponda pouma, ndipo asayatsidwenso kufikira mmisiri wa magetsi ataona mawaya onse. Waya wogwa pansi asakhudzidwe, koma a ESCOM auzidwe. Posuntha katundu pakhale ndodo, chifukwa njoka nazo zimathawira pouma.

Mdani wachiwiri amabwera madzi atapita, ndipo amabwera m'chikho. Pamene Freddy ankafika, dziko lino linali kale pakati pa mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri yake, umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga n'kupha anthu oposa 1,700. Madzi osefukira amagumula zimbudzi n'kutengera zonyansa zake m'zitsime, m'mitsinje ndi m'mipope yothyoka. Choncho madzi onse akumwa, otsukira mbale ndi otsukira m'kamwa awiritsidwe mpaka atabwadamuka, kapena athiridwe klorini monga mwa malangizo a alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Asungidwe m'ndowa yovundikira, ndipo kapu yotungira ikhale imodzi. Wina akayamba kutsegula m'mimba, amwetsedwe Thanzi nthawi yomweyo ali pa ulendo wa kuchipatala. Thanzi akasowa, m'lita imodzi ya madzi owiritsa muikidwe masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Chimbudzi chogumuka chikwiriridwe ndithu, chifukwa dzenje lobisika ndi matope ndi msampha wa ana, ndipo chatsopano chikumbidwe banja lisanabwerere, kumunsi kwa chitsime ndi kutali nacho mamita osachepera 30.

Ngati makoma apezeka olimba, ntchito yotsatira ndi yochotsa matope, ndipo imeneyi imafuna manja ambiri. Matope achotsedwe akadali ofewa, chifukwa akauma amalimba ngati njerwa. Pafunika mafosholo, makasu, ndowa ndi wilibala, ndipo ogwira ntchito avale nsapato zolimba, pakuti m'matopemo mumabisala magalasi, misomali ndi malata othyoka. Wokhala ndi bala asalowemo. Katundu yense atulutsidwe padzuwa. Ziwiya zitsukidwe ndi sopo ndi madzi a klorini, zovala ndi zofunda zichapidwe n'kuumitsidwa ndithu. Chakudya chimene chakhudzidwa ndi madziwo chitayidwe, ngakhale mtima ukuwawa. Chimanga kapena mtedza umene wanyowa n'kuchita chuku uli ndi chiphe choononga chiwindi, chimene sichitha ngakhale munthu ataukonola, kuugaitsa kapena kuuphika. Kenaka zitseko ndi mazenera zikhale zotsegula masiku ambiri kuti mphepo iziyenda. Kuika mbaula ya makala m'nyumba yotseka pofuna kuiumitsa msanga n'koopsa, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo wosanunkha kanthu. Pulasitala ndi laimu zidikire kufikira khoma litauma mpaka m'kati, apo ayi zidzasupuka.

Apa ndi pamene banja limafika pa funso lovuta kuposa onse: kodi limangenso pomwepo kapena lisamuke? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Nyumba imene inali m'njira ya madzi, m'mphepete mwa mtsinje, kapena pansi pa phompho logumuka, idzagwanso ngakhale itamangidwa ndi simenti yochuluka bwanji. Khonsolo ya mzinda yakhala ikuchenjeza kwa zaka zambiri za kumanga m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Komabe wothandiza asafulumire kuweruza. Munthu samanga pamalo oopsa chifukwa chopusa. Amamangapo chifukwa ndi pokhapo pamene ndalama zake zinakwanira, ndiponso chifukwa ali pafupi ndi msika, ntchito ndi sukulu ya ana. Kumuuza kuti angochoka, osamuuza kopita, n'kumuonjezera katundu. Thandizo lenileni ndi kukhala naye pansi pamodzi ndi abale, mfumu ndi a khonsolo, kufunsa nkhalamba za m'deralo kumene madzi ankadutsa kale, ndi kufufuza ngati pali malo ena, ngakhale ochepa, pamtunda wabwino. Nthawi zina kungosuntha nyumba mapazi angapo m'puloti yomweyo kumakwanira. Koma pamene malo onse ali oopsa, abale anene zoona poyera, pakuti malata amagulidwanso koma mwana sagulidwa.

Mabanja ambiri a m'tauni amakhala m'nyumba za lendi, ndipo nkhani yawo ndi yosiyana pang'ono. Kukonza khoma ndi denga ndi udindo wa mwini nyumba. Wochita lendi akafuna kuikapo ndalama zake kuti abwerere msanga, agwirizane ndi mwini nyumbayo pamaso pa mboni, ndipo alemberane kuti ndalamazo zidzachotsedwa pa lendi ya miyezi ingati. Popanda kutero, ubale umatha nyumba ikangokongola. Nayenso mwini nyumba akumbukire kuti kutchinga mng'alu ndi pulasitala n'kuikamo banja lina ndi kutchera anthu diwa.

Banja likatsimikiza zomanga, mmisiri wodziwa ntchito ndiye woyamba kuitanidwa, ndipo afunsidwe nyumba zimene anamangapo kale kuti anthu akazione. Pogwetsa zotsalira, ntchito iyambire pamwamba. Malata azulidwe mosamala n'kuwongoledwa, mitengo ya denga, mafelemu, zitseko ndi misomali zisungidwe, ndipo njerwa zootcha zipalidwe dothi n'kuunjikidwa. Njerwa yabwino imalira ikagundanitsidwa ndi inzake. Yongoti phu ipite kokwirira pansi. Zopulumutsidwa motere zimachepetsa kwambiri ndalama zogulira zipangizo.

Mphamvu ya nyumba ili kunsi kwake. Maziko akumbidwe mpaka atapeza nthaka yolimba, osati yothira, ndipo amangidwe ndi miyala, njerwa zootcha bwino kapena mabuloko a simenti. Matope omangira akhale a muyeso umodzi wa simenti pa miyeso 6 ya mchenga wopanda dothi. Madzi amasiya mzere wa dothi pa makoma ndi pa mitengo yoyandikana. Mzere umenewo ndiwo mphunzitsi, ndipo pansi pa nyumba yatsopano pakwezedwe kupitirira pamenepo. Pamwamba pa maziko payalidwe pepala lakuda la pulasitiki khoma lisanayambe, kuti chinyezi chisakwere. Ngati simenti ndi yochepa, ipite ku maziko, ku mizere yoyambirira ya khoma ndi m'ngodya, osati kokongoletsa kumaso. Njerwa za m'ngodya zilumane bwino, ndipo pamwamba pa zitseko ndi mazenera padutse lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, wozungulira nyumba yonse, amene amagwira makoma anayi kuti akhale chinthu chimodzi. Simenti ithiriridwe madzi kwa masiku 7 kuti ikhwime. Mitengo ya denga imangidwe ku lambayo ndi waya wolimba, osati kungotsindikiza malata ndi miyala, ndipo denga lituluke kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma.

Kunja kwa nyumba kulinso ntchito. Kuzungulira khoma kukhale kakhonde kotsetserekera kunja, kuti madzi a padenga asaime pa maziko. Kumtunda kwa nyumba kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi, koma imeneyi ikambidwe ndi anansi, chifukwa ngalande yopulumutsa wina ikhoza kugwetsa nyumba ya wokhala kumunsi. M'dera lotsetsereka madzi amafunika njira imodzi yogwirizana kuyambira pamwamba mpaka kumtsinje, ndipo njirayo ilambulidwe chaka ndi chaka mvula isanayambe. Pa zigumukire pabzalidwe udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira nthaka, pamodzi ndi nsungwi ndi mitengo m'mbali mwa makwawa.

Nanga ndalama zichokera kuti? Apa pali dzenje limene mabanja ambiri amagweramo, ndilo katapila. Wobwereka ali m'misozi sawerengera chiwongoladzanja, ndipo miyezi ingapo ikapita amapezeka atataya puloti yomwe ankafuna kuimangapo. Zipangizo nazo zimakwera mtengo, monga zinachitikira ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene ambiri ogwetsedwa ndi Freddy anali asanamalize kumanga. Nzeru ndi kumanga chipinda chimodzi cholimba, banja n'kulowamo, zipinda zina n'kumaonjezera pang'onopang'ono pa maziko okonzedwa kale. Chipinda chimodzi cha simenti chiposa zipinda zinayi zadothi zimene zidzagwanso mu Febuluwale. Gulu la chipereganyu likhoza kulola wogweredwa ngozi kulandira msanga nthawi yake isanakwane, ndipo a banki m'khonde akhoza kumuchedwetsera ngongole. Amayi a Mvano, a m'miphakati, a kumzikiti ndi a magulu ena a chipembedzo amadziwa kusonkha mwadongosolo. Abale a ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni amatumiza ndalama pafoni, koma ndalama zobwera mbalimbali zimasungunuka ngati palibe woyang'anira. Pasankhidwe munthu mmodzi wokhulupirika, alembe m'kope chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo ndalama zikafika zisanduke simenti ndi malata msanga. Wothandizanso akumbukire mpamba wa geni, chifukwa mayi amene wapezanso poto wake wa mandasi kapena bambo amene wapezanso zida zake za ukalipentala amayamba kudzimangira yekha.

Amene alibe ndalama asaganize kuti alibe chopereka. Kumudzi kunali dima, pamene anthu ankalimira pamodzi munda wa mnzawo n'kumwa thobwa pomaliza, ndipo mwambo womwewo umagwira ntchito m'tauni. Loweruka limodzi achinyamata atha kututa mchenga ndi miyala, amayi n'kutunga madzi, abambo n'kukumba maziko, mmisiri wa m'dera n'kutsitsako mtengo wake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani imeneyi mwambiwu ukunena za denga lenileni. Nyengo yabwino yomanga ndi ya chilimwe, kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala. Choncho mvula ikadalipo, banja likhale m'chisakasa cholimba pamalo otetezeka kapena kwa abale, ndipo miyezi yodikirayo igwiritsidwe ntchito posonkhanitsa zipangizo. Nkhalamba zolera adzukulu, amasiye ndi olumala aikidwe patsogolo pa mndandanda, popeza iwo sangathe kuyenda khomo ndi khomo kupempha manja.

Pali chinanso chogumuka chimene mmisiri sangachikonze. Ana amene anamva khoma likugwa amanjenjemera mvula ikayamba kulira pa malata, ena amakodza pogona, ena amasiya kulankhula. Asakalipiridwe. Amvetseredwe, auzidwe zoona m'mawu osavuta, ndipo abwerere ku sukulu msanga, pakuti belu la sukulu ndi anzawo osewera nawo zimawabwezera mtima m'malo. Kope, pensulo ndi yunifolomu ndi mphatso yaing'ono imene imachita zazikulu. Akulu nawonso amadwala mumtima. Pali mabanja amene Freddy anawalanda abale osawasiyira ngakhale mtembo woti aike, ndipo maliro opanda manda sachoka msanga pakhomo. Bambo amene wayamba kukhala chete kapena kumwa mowa mopitirira, ndi mayi amene sakugona kapena sakudya, afunika wocheza nawo, ndipo zikapitirira aperekezedwe kwa abusa, kwa ashehe kapena ku chipatala. Mayi amene wataya mwamuna atetezedwe kwa abale olanda malo ndi malata otsala, chifukwa malamulo a dziko lino amateteza mkazi wamasiye ndi ana ake pa chuma cha womwalira.

Mlungu woyamba wa ngozi alendo amachuluka, magalimoto amabwera, ndipo mayina amalembedwa. Mwezi wachitatu anthu amakhala atabwerera ku zawo, sukulu itatsegulidwa, msasa utatsekedwa, koma banja lija likadagona pansi pa lona. Pamenepo ndi pamene mnansi weniweni amadziwika. Ndiye amene amafikabe kudzafunsa kuti njerwa zafika zingati, amene amabwereketsa wilibala kachiwiri ndi kachitatu, amene amakumbutsa gulu kuti lamba wa konkire sanathiridwe. Amachita zimenezi mopanda kulengeza pamsika zimene wapereka, chifukwa wolandira nayenso ali ndi ulemu wake, ndipo dzulo lomweli anali wodzidalira.

Pomaliza, nyumba ikatha, banja ndi anansi ake agwirizane zochita mvula yoopsa ikadzabweranso. Nthambi yoona za nyengo imachenjeza pa wailesi masiku angapo namondwe asanafike, monga inachitira pa nthawi ya Freddy, ndipo chenjezo lotere lisatengedwe ngati nthabwala. Aliyense pakhomo adziwe kothawira ndi njira yake, ngakhale mumdima. Makalata ofunika ndi mankhwala zikhale m'jumbo yomanga bwino pamalo okwera, pamodzi ndi tochi. Padziwike amene adzanyamule gogo ndi amene adzagogode pa khomo la wolumala. Mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu osakata, makoma ayenderedwe madzulo aliwonse, ndipo kukaoneka mng'alu watsopano kapena madzi akutumphuka pansi, banja lituluke kukadawala, osadikira usiku. Okhala kumtunda akumbukire kuti mtengo umene adula ndi chinyalala chimene ataya m'ngalande zimakathera pa khomo la okhala kumunsi. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, anatero akuluakulu, pakuti mawa adzazima zako. Ku Nancholi, monganso ku Chilobwe, ku Ndirande ndi kulikonse kumene anthu amamanga pa zitunda, mvula idzabweranso mu Novembala, ndipo ntchito ya ngalande, ya maziko ndi ya denga iyenera kukhala itatha isanafike.